Mbiri ya Misonkhano ya Aphunzitsi a Sayansi ku Migodi

Aphunzitsi anzanga a m'midzi, tonse tilidziwa tsiku lija pamene kalata ifika pa sukulu yotiitana ku msonkhano wa aphunzitsi. Wina akondwa, pakuti akaona anzace ndi kupumako ku fumbi la coko. Wina adandaula, nati, "Ulendo wa njinga wa tsiku lathunthu, kukamva zomwe zija tinamva caka catha!" Mphunzitsi wa sayansi ndiye adandaula koposa, cifukwa kawirikawiri amuonetsa zipangizo zokongola zimene sadzazionanso akabwerera kwao. Cifukwa ca ici ndaganiza kulemba mbiri ya misonkhano yotere monga inayendera ku Migodi ya Mkuwa m'dziko la Zambia, kuyambira pa malo ochedwa Mindolo, pafupi ndi Kitwe. Mbiriyi itiphunzitsa kuti msonkhano wokhalitsa ndi wobala zipatso ndi umene aphunzitsi eni ace augwira ndi manja ao. Umene udalira alendo okha umatha tsiku limene alendowo amanga katundu.

Mindolo Amisyoni asanafike

Mkuwa sunali cinthu cacilendo kwa eni dziko. Zaka mazana ambiri Azungu asanabwere, makolo anali kukumba miyala yobiriwira ku Kansanshi ndi ku Bwana Mkubwa, naisungunula ndi makala m'ng'anjo zadothi. Koma migodi yakuya, yotsika ndi makina, inayamba m'zaka za 1920. Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kutulutsa mkuwa mu 1931, wa Nkana mu 1932, ndi wa Mufulira mu 1933. Anthu anakhamukirako kucokera mbali zonse: Abemba, Alozi, Acewa ndi Angoni a ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi Chipata, ndiponso ambiri a ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi.

Mwa anthuwa munali Akristu ophunzira pa misyoni zosiyanasiyana. Atafika ku Migodi sanapeze mbusa wowayang'anira, koma sanakhale pansi kudikira. Anasonkhana okha, nasankha akulu a mpingo, nasonkha zopereka, namanga nyumba zopemphereramo, nayambanso kuphunzitsa ana kuwerenga. Mpingo wao unachedwa Union Church in the Copperbelt, ndipo Mindolo inali malo amodzi a mpingo umenewo. Pamene Mbusa R. J. B. Moore wa London Missionary Society anafika ku Mindolo mu 1934, anapeza moto uli kuyaka kale. Nchito yace inali kusonkhezera.

Mu 1932 bungwe la International Missionary Council linatumiza anthu otsogozedwa ndi a J. Merle Davis kudzaona makhalidwe a anthu a m'migodi, ndipo iwowa analangiza kuti misyoni zileke kugwira nchito iliyonse payokha. Cotero mu 1936 linabadwa bungwe la United Missions in the Copperbelt, lokhala ndi likulu lace ku Mindolo, mtsogoleri wace woyamba ali Mbusa A. J. Cross. Bungweli linayang'anira sukulu za ana a anthu akuda m'midzi ya migodi, ndipo m'zaka za 1940 linali ndi sukulu ya atsikana pa Mindolo pomwepo.

Kwa ife aphunzitsi ici cinali cinthu cacikulu. Kale mphunzitsi wophunzira ku Kafue kwa a Methodist, wa ku Mbereshi kwa a London, ndi wa ku Lubwa kwa a Scotland, sanali kukomana konse. Yense anali ndi kaphunzitsidwe kace ndi mabuku a kwao. Ku Migodi anapezeka pansi pa denga limodzi, naona kuti njira imene anaphunzira kwao si yokhayo. Mmodzi wa aphunzitsi a masiku amenewo anali a Kenneth Kaunda, ophunzira ku Lubwa, amene anagwira nchito pa sukulu ku Mufulira mu 1948.

Sayansi ya masiku aja ndi aphunzitsi a Jeanes

Tisaganize kuti m'sukulu zimenezi munali sayansi monga tiidziwa lero. Ana anali kuphunzira zinthu zitatu: ukhondo, ulimi, ndi za cilengedwe, ndiko kuti mitengo, mbalame, tizirombo ndi nyengo. Cikonzero cimeneci cinatsata malangizo a anthu a Phelps-Stokes amene anayendera maiko ano mu 1924, pakati pao pali Dr. James Aggrey wa ku Gold Coast. Iwowa anati maphunziro ayenerane ndi moyo wa m'mudzi, ndipo anayamikira njira ina ya ku Amereka. Kumeneko mai wina wacuma, dzina lace Anna Jeanes, anapereka ndalama mu 1907 kuti mphunzitsi waluso aziyendera sukulu zazing'ono za anthu akuda ndi kuthandiza aphunzitsi anzace pa nchito yao.

Sukulu ya Jeanes ya ku Nyasaland inatsegulidwa ku Domasi mu 1929. Ya ku Northern Rhodesia inali itayamba ku Mazabuka pofika 1930, ndipo mu 1939 inasamukira ku Chalimbana. Mphunzitsi wosankhidwa anali kupita kumeneko pamodzi ndi mkazi wace, ndipo atatha maphunziro anali kubwerera kwao kukayendera sukulu za m'dera lace. Akafika pa sukulu sanali kungoyang'ana kaundula monga woweruza; anali kutenga coko ndi kuphunzitsa phunziro mwini wace, mphunzitsi wa pamenepo ali kuonerera. Pa nthawi ya chuthi anali kusonkhanitsa aphunzitsi a m'midzi yoyandikana, naphunzitsana kukumba cimbudzi cakuya, kusamala citsime, kusunga manyowa ndi kusinthanitsa mbeu m'munda wa sukulu. Tinganene kuti iyi ndiyo inali misonkhano yoyamba ya aphunzitsi a sayansi m'maiko athu, ngakhale panalibe woichula dzina limenelo.

Ukhondo umenewu sunali nkhani yacabe, ndipo Luanshya ndiye mboni. Pamene mgodi wa Roan Antelope unali kukumbidwa, anthu anafa ambiri ndi malungo ndi nthenda zina, kotero kuti mbiri inamveka yakuti mu mtsinje wa Luanshya muli cinjoka cakupha anthu, ndipo anchito ambiri anathawa. Ca m'ma 1930 eni mgodi anaitana Sir Malcolm Watson wa ku Ross Institute, bungwe lochedwa ndi dzina la Ronald Ross amene anaonetsa mu 1897 kuti malungo ayenda ndi udzudzu. Anaongola mtsinje, nakumba ngalande m'madambo, nathira mafuta pa madzi oima, ndipo imfa zinacepa ndithu. Mphunzitsi amene anamvetsa cifukwa cace ca nchito imeneyi anali ndi phunziro la sayansi lamoyo pakhomo peni peni pa sukulu yace.

Komabe tiyenera kunena zoona. Maphunziro ameneŵa anali ndi malire oikidwa dala. M'migodi nchito zaluso zinali za Azungu okha, ndipo Boma silinafulumire kuphunzitsa munthu wakuda zimene sakanaloledwa kugwiritsa nchito. Sekondale ya Boma ya anyamata akuda, ya Munali ku Lusaka, inayamba mu 1939 pokha. Mwana wa ku Nkana anali kuona utsi wa ng'anjo tsiku ndi tsiku, atate wace ali kutsika pansi kukaswa miyala, koma panalibe womuuza cimene cicitika m'ng'anjomo kuti mwala usanduke mkuwa.

Nyumba ya misonkhano

Bungwe la United Missions linatha mu 1955, sukulu zace zambiri zitalowa kale m'manja mwa Boma. Koma Mindolo sinafe. Mu 1958 panakhazikitsidwa Mindolo Ecumenical Foundation, woyambitsa wace ali Mbusa Peter Mathews wa ku Australia. Inali nthawi ya Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, pamene munthu wakuda anali kugula nyama pa zenera la kumbuyo kwa sitolo. Pa Mindolo akuda ndi oyera anali kukhala pa gome limodzi, kudya pamodzi ndi kukambirana maso ndi maso. Panayamba maphunziro a amai, ndipo mu 1959 panayamba sukulu ya olemba mabuku ndi nyuzi. Mu 1963 panatsegulidwa nyumba ya mabuku yokumbukira a Dag Hammarskjöld, Mlembi Wamkulu wa United Nations, amene anafa pa ngozi ya ndege pafupi ndi Ndola mu September 1961. Pa 16 January 1965 mpingo wa United Church of Zambia unabadwira pomwepo.

Mindolo sinali sukulu ya sayansi. Mphatso yace inali ina. Inaonetsa anthu a ku Migodi kuti munthu wamkulu, wogwira kale nchito, angathe kusiya nchitoyo masabata owerengeka, nakhala pansi ndi anzace a nchito yomweyo, nafunsana, natsutsana mwaulemu, nabwerera kwao wodziwa koposa. Inaonetsanso kuti pa msonkhano wabwino wofika nazo nzeru sali mmodzi yekha woima kutsogolo. Aphunzitsi a sayansi posacedwa anadzasowa mwambo womwewu.

Ufulu ndi njala ya sayansi

Mu 1957 a ku Russia anaponya kumwamba combo ca Sputnik, ndipo maiko a Azungu anadzidzimuka, nayamba kukonzanso kaphunzitsidwe ka sayansi ndi masamu. Anati mwana aleke kuloweza mau okha, agwire zinthu ndi manja ace, ayese, aone. Mphepo imeneyi inafika ndi kuno. Mu 1961 nduna za maphunziro za maiko a Afrika zinakomana ku Addis Ababa. Kuyambira mu 1962 aphunzitsi a masamu anali kusonkhana ku Entebbe kulemba mabuku atsopano. Mu 1965 msonkhano wa ku Kano, ku Nigeria, unayambitsa nchito ya African Primary Science Programme, imene inali ndi malo ace ena ku Domasi. Kumeneko aphunzitsi anali kupanga zipangizo ndi nsungwi, zitini ndi mabotolo, ndipo phunziro lina lochuka linali la kacirombo kaja kokumba kadzenje mu mcenga kuti nyerere zigweremo. Ana anali kukayang'ana okha ndi kukafunsa mafunso mwa kuyesa, mphunzitsi osafulumira kuwauza yankho.

Zambia inalandira ufulu pa 24 October 1964 ili ndi eni dziko ngati 100 okha otsiriza yunivesite, ndi ngati 1,000 okhala ndi setifiketi ya sekondale. Dziko lodalira mkuwa linalibe ana ace okwanira oyeza miyala, oyendetsa ng'anjo ndi osamala magetsi. Boma linamanga masekondale m'maboma onse, ndipo yunivesite ya ku Lusaka inatsegulidwa mu 1966. Koma nyumba imangika msanga kuposa mphunzitsi. Aphunzitsi ambiri a sayansi anacokera kunja, ku Mangalande, ku India ndi kwina, pa pangano la zaka ziwiri kapena zitatu. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ambiri a iwo anagwira nchito yabwino. Koma anatinso mlendo ndi mame. Mmodzi akangozolowera ana ndi dziko, nthawi yace inali itatha, nabwera wina woyamba pa ciyambi.

Cifukwa ca ici aphunzitsi a sayansi anaona kuti afunika bungwe lao, losunga nzeru kuti zisacoke pamodzi ndi munthu. Bungwelo ndi Zambia Association for Science Education. Mu 1968 kunayamba magulu a ana a sukulu ochedwa JETS, ndiko kuti akatswiri ang'ono a makina ndi a sayansi. Ana anali kupanga zinthu zao ndi kuzionetsa pa cionetsero ca pa sukulu, ca m'boma, ca m'cigawo, kufikira ca dziko lonse. Phindu lina la zionetserozi linagwera aphunzitsi. Woperekeza ana ace anali kuona cimene ana a mnzace apanga, nafunsa, "Kodi munacita bwanji?" Motero cionetsero ca ana cinasanduka msonkhano wa aphunzitsi, wopanda kalata yoitana.

Boma nalonso linacita mbali yace. Kuyambira mu 1970 Chalimbana, malo akale a Jeanes aja, anasanduka koleji yoonjezera maphunziro a aphunzitsi amene ali kale pa nchito. Mu 1974 inatsegulidwa Copperbelt Secondary Teachers College pa mseu wocokera ku Kitwe kupita ku Chingola, patsogolo pang'ono pa Mindolo, kuti iphunzitse eni dziko kukhala aphunzitsi a sayansi ndi masamu. Pambuyo pace koleji imeneyi inadzakhala Mukuba University, ndipo "mukuba" ndiwo mkuwa m'cinenero ca kumeneko.

Tsono mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa, ndipo unakhala pansi zaka zambiri. Ndalama za Boma zinacepa. Mabotolo a mankhwala m'malabotale anauma, magalasi osweka sanabwezedwe, alendo ambiri anabwerera kwao, ndipo ena mwa aphunzitsi eni dziko anapita kukafuna malipiro ku Botswana ndi maiko ena. Misonkhano yofuna ndalama za basi, za cakudya ndi za malo ogona inakhala yosowa. Aphunzitsi ambiri anabwerera ku njira yakale: kulemba pa bolodi za kuyesa kumene ana sanakuone, ana nakopera m'makope.

Kubwerera ku sukulu

Zaka zobvuta zimenezi zinaphunzitsa akulu a maphunziro kuti sikutheka kunyamula aphunzitsi onse kupita nao ku Lusaka kapena ku Kitwe. Mu 1994, ndi cithandizo ca Boma la Mangalande, inayamba nchito ya AIEMS yokweza Cingerezi, masamu ndi sayansi, imene inakhazikitsa nyumba za zipangizo za aphunzitsi m'zigawo ndi m'maboma. Kumapeto kwa zaka za 1990 kunadza cikonzero ca SPRINT, cakuti aphunzitsi a pa sukulu imodzi azikomana m'timagulu mkati mwa teremu, ndi kuti sukulu zoyandikana zizikomana pa sukulu ya pakati pao.

Mu 2005, ndi cithandizo ca bungwe la JICA la ku Japan, aphunzitsi a sayansi a m'cigawo ca Pakati ca Zambia anayamba njira imene aphunzitsi a ku Japan akhala akuitsata zaka zoposa 100. Mu 2008 njirayi inafika ku cigawo ca Migodi ndi ca Kumpoto ca Kumadzulo, ndipo pambuyo pace inafalikira dziko lonse ndi ku maphunziro ena. Ku Malawi nako nchito yofanana nayo, ya SMASSE, inayamba mu 2004 mogwirizana ndi koleji ya Domasi.

Njirayo ili motere. Aphunzitsi asankha mutu umene ubvuta ana. Akonza phunziro pamodzi. Mmodzi aliphunzitsa m'kalasi leni leni, anzace ataima m'mbali; ndipo cimene ayang'ana si zolakwa za mnzaoyo ai, koma ana: afunsa ciani, asokonezeka pati, ndani wamva ndipo ndani watsala. Atatha akhala pansi nakambirana, nakonzanso phunzirolo, ndipo liphunzitsidwa kaciwiri m'kalasi lina. Owerenga amene atsata mbiriyi kuyambira pa ciyambi aona kuti njirayi si yacilendo kweni kweni. Mphunzitsi wa Jeanes uja, wotenga coko mnzace ali kuonerera, anali pa njira yomweyi. Kusiyana kwace ndi kwakuti tsopano palibe woyendera. Onse ali aphunzitsi, onse ali ophunzira.

Pali nthenda imodzi imene inalowa m'misonkhano m'zaka za mabungwe othandiza, ndipo tisaibise. Ndiyo kuyesa msonkhano ndi alawansi yace. Pamene pali ndalama holo idzaza. Pamene palibe, aphunzitsi apeza zifukwa. Malipiro a mphunzitsi ndi ocepa, ndipo palibe angamdzudzule polandira cimene apatsidwa. Koma ngati tikomana pokhapokha mlendo atalipira, ndiye kuti msonkhanowo ndi wa mlendo, ndipo udzapita naye.

Cimene citsalira ife

Wina adzati, "Izo ndi za ku tauni, ife kuno tilibe labotale, tilibe magetsi." Koma taonani. Sukulu zitatu kapena zinai zoyenderana pansi zingapangane tsiku limodzi pa mwezi, masana ana ataweruka. Mmodzi adze ndi mabotolo awiri a madzi a pa cithaphwi okhala ndi timphutsi ta udzudzu. Mu botolo limodzi adonthezemo mafuta pang'ono, linalo alisiye, ndipo onse awiri awaphimbe ndi kansalu. Timphutsi timeneti tipuma mpweya ca kumcira, tikakwera pamwamba pa madzi. Mafuta atseka njira imeneyo, ndipo tifa. M'botolo linalo, patapita masiku owerengeka, mutuluka udzudzu wamapiko. Imeneyi ndiyo nzeru yomwe inapha cinjoka ca ku Luanshya, ndipo mtengo wace sufika ndi pa mtengo wa coko. Wina adze ndi batire la toci, kababu ndi kawaya ka mkuwa, ayese msomali, cikuni, khasu ndi mphira, kuti ana adzaone okha cimene cipititsa magetsi ndi cimene cikana; pamenepo adzamvetsa cifukwa cace maiko akutali agula mkuwa wa ku Nkana. Wacitatu adze ndi funso limene mwana anamfunsa iye nalephera kuyankha, ndipo asacite nalo manyazi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Cofunika ndi cakuti pa msonkhano uliwonse pakhale cinthu cogwira ndi manja, ndi phunziro limodzi lophunzitsidwa kwa ana eni eni. Mlembi alembe m'kope zimene zayenda bwino ndi zimene zakanika, ndipo kopelo likhale la sukulu, kuti mphunzitsi akasamutsidwa nzeru zitsale.

Akristu aja a ku Mindolo anafika ku dziko lacilendo, otopa ndi nchito ya mgodi, opanda mbusa ndi opanda thumba la ndalama locokera kunja. Anayamba ndi cimene anali naco, ndipo pamene othandiza anafika anapeza pomangapo. Ngati woyendera sukulu kapena bungwe lina lidzafika kwanu ndi zipangizo zatsopano, lilandireni ndi manja awiri. Koma likupezeni mutayamba kale kukomana.